Choko pa Chitseko cha Achemwali

Ana anga, mwakhala mukufunsa chifukwa chimene azakhali anu a ku Assumane amandiikira mpando panja, pansi pa mtengo wa mapichesi, ngati mlendo wochokera ku boma. Mayi anu amangokuuzani kuti ndi za akuluakulu. Tsopano akuluakuluwo ndinu, ine ndapuma ntchito, ndipo chifuwa chimene mankhwala anandisiyira sichikundilonjeza zaka zambiri. Ndilembe ndekha, nkhaniyi isanakupezeni itapotozedwa ndi anthu a pamaliro. Za ubwana wanga ndi za kumsasa ku Malawi kumene tinathawira nkhondo ndazidumpha, munazimva kale mpaka kutopa nazo.

Chaka chimene ndinalembedwa ntchito

Nkhondo itatha tinabwerera ku Lichinga tili awiri okha, ine ndi achemwali anga Asiyatu. Makolo tinawasiya m'manda a eni ake, kutsidya kwa malire. Achemwali ndiwo anali mayi ndi bambo anga. Ankagulitsa nyemba ndi mbatatesi pamsika, ndipo ndi iwo anamva kwa kasitomala wina kuti kukufunika anthu opopera mankhwala a udzudzu m'nyumba. Anandikoka dzanja mpaka pakhomo la ofesi ngati mwana wopita naye kukatemera. A mu ofesimo anandilemba chifukwa ndinali wamtali, wotha kubereka bomba, mpope wachitsulo uja wodzaza madzi, komanso chifukwa ndinkayankhula Chiyao, Chinyanja ndi Chipwitikizi chothyokathyoka cha kumsika.

Amene anatiphunzitsa anali Dona Celeste, mayi wamfupi wochokera ku Nampula, amene ntchito yake inali kuweta udzudzu. Tinaseka titamva zimenezi, munthu wopita kusukulu zaka zonsezo n'kumaweta udzudzu ngati nkhuku. Tsiku lina anatiitanira m'kachipinda kake. Anali atatunga mphutsi za udzudzu m'zithaphwi za kudambo, n'kuzisunga mpaka zitamera mapiko. Udzudzuwo anauika m'chubu chimene m'kati mwake munali pepala lopaka mankhwala, kenako n'kuusamutsira m'chubu china chopanda kanthu. M'mawa mwake tinaupeza wonse uli gada pansi, kupatula wowerengeka umene unkauluka ngati palibe chachitika.

"Uwu ndiye mdani wanu," anatero, akuloza wamoyowo. "Wakufawo muuiwale."

Mnzanga wina, Bonifasiyo, amene pakamwa pake sipankauma, anafunsa ngati udzudzu wotsalawo unali wokhwima. Dona Celeste sanaseke. Anatifunsa ngati ana a mimba imodzi amafanana onse, tinati ayi. Anafunsa ngati mwana satengera kanthu kwa makolo ake, tinati amatengera. "Então, udzudzu ndi chimodzimodzi," anatero. "Umabadwa wambirimbiri, wosafanana, ndipo wochuluka umafa usanabereke. Wina umabadwa ndi thupi losamva msanga mankhwala, osati chifukwa chochenjera, wangobadwa choncho. Kukakhala kulibe mankhwala, udzudzu wotere suposa unzake ndi kanthu. Koma inu mukabwera ndi bomba, mwapha unzake wonse, mwausiyira wokha dambo lonse kuti uswane. Ana ake atengera thupi lomwelo. Udzudzu suphunzira kanthu. Amene amasankha woti utsale ndinu."

Anatiuza mosabisa kuti ngakhale titagwira ntchito bwino chotani, tsiku lina mankhwalawo adzasiya kupha ndipo padzafunika ena. Koma tsikulo likhoza kuchedwa kapena kufulumira, ndipo chimodzi mwa zolifulumizitsa ndi kusungunula. Mlingo unali umodzi, kapaketi kamodzi pa bomba limodzi la madzi. Mlingo wokwanira umapha ngakhale udzudzu wolimbako pang'ono. Mlingo wa theka umapha wofooka wokha, n'kusiya wolimbako kuti ukwatirane wokhawokha. Ine mawu amenewa ndinawameza onse osatafuna, ndipo ndi amene anadzandilekanitsa ndi mlongo wanga.

Zaka za bomba kumsana

Zaka zoyamba zinali zokoma, ndisaname. Tinkayenda mvula isanayambe, kunyamuka m'mamawa kukadali kachisanu kathu ka ku Lichinga, titavala ovololo, magolovesi ndi chophimba kumphuno. Anthu ankatulutsa okha katundu, mphasa, ufa, mapoto, ndowa, zonse pabwalo. Sikuti ankaganiza kwambiri za malungo. Chimene ankatikondera n'chakuti tikachoka nsikidzi ndi mphemvu zinkagwa m'makoma ngati mpunga wotayika, ndipo munthu ankagona mpaka kucha osadzikanda. Tikamaliza nyumba tinkalemba chizindikiro ndi choko pachitseko, kuti oyendera ntchito adziwe kuti tadutsapo. Amayi ena ankaletsa ana kutsamira chitsekocho kuti choko chisafufutike.

Zosowa zinalipo kuyambira pachiyambi. Zophimba kumphuno zinkabwera chaka china, chaka china ayi, ndipo tinkamanga mipango ya akazi athu. Nsapato za jombo tinkalandira za phazi limodzi lalikulu, wamng'ono phazi azidziwa yekha chochita ndi manyuzipepala. Koma mankhwala ankabwera, ndipo ankapha, ndiye zinazo tinkangoseka. Mayi anu ndinawapeza m'zaka zimenezi, ku Chiuaula, atakana kutulutsa kabati yawo mpaka nditainyamula ndekha.

Patapita zaka anandikweza kukhala mkulu wa brigada, gulu la anthu opopera, ndipo dera langa linali Assumane, kumene achemwali anamanga atakwatiwa. Nyumba yawo inali kumtunda, kutali ndi dambo. Anali ndi mwana mmodzi yekha, Maliyamu, amene anabwera mochedwa iwo atapita padera kangapo, ndipo bambo ake anamwalira iye asanayambe sukulu. Mtsikanayu anali ndi chipinda chakechake, chinthu chosowa masiku amenewo. Tikafika ankatulutsa yekha bokosi lake la zovala ndi mabuku, n'kundiuza kuti, "Amalume, kuseri kwa chitseko musaiwale, n'kumene umabisala." Ndikamaliza, choko ndinkamupatsa iyeyo kuti alembe.

Zinthu zinayamba kupendama atabwera Shefe Armindo kudzayang'anira ntchito yathu yonse. Sanali munthu wankhanza. Ankapereka moni kwa aliyense ndipo maliro sankajomba. Vuto lake linali lakuti m'maso mwake ntchito yathu inali choko. Khoma sankaliyang'ana n'komwe, ankangoyenda pa njinga yamoto m'tinjira akuona zitseko. Nawonso amene anali pamwamba pake ankamufunsa za zitseko zomwezo, ndiye sindinganene kuti anayambitsa yekha.

Chaka chimene mankhwala anachepa

Chaka chimenecho makatoni anafika mochedwa, mitambo itayamba kale kusonkhana, ndipo anali ochepa. Ena ankati galimoto inafera panjira, ena ankati mapaketi anathera m'madimba a anthu, kupopera kabichi ndi matimati. Ine sindinaone. Chimene ndinaona n'chakuti zimene anandipatsa zikanakwana theka la dera langa basi. Shefe Armindo anasonkhanitsa ife akulu a mabrigada pansi pa mitengo ya paini kuseri kwa ofesi.

"Kukubwera alendo kudzaona ntchito," anatero. "Ndikufuna choko pachitseko chilichonse. Kapaketi kamodzi, mabomba awiri, pronto. Fungo likhalapo ndithu, anthu sadziwa."

"Nanga udzudzu, shefe?" ndinafunsa.

"Udzudzu subwera kumsonkhano, Jafali."

Onse anaseka, ngakhale Bonifasiyo, amene nthawi imeneyo anali mkulu wa brigada ya ku Chiuaula. Dona Celeste sanaitanidwe kumsonkhanowo. Nditapita kukamuuza ndinamupeza akutsuka machubu ake. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti anadandaula kale kwa akuluakulu ndipo anamuuza kuti adekhe. "Ine ndimalamulira udzudzu wa m'chipinda muno wokha," anatero. "Bomba lili kumsana kwako."

Ndinasonkhanitsa anthu anga n'kuwauza kuti ife sitisungunula. Tiyambira kudambo, kumene udzudzu umaswana ndi kumene ana ankadwala kwambiri, tizikwera nyumba ndi nyumba, ndipo pamene mankhwala athere ndi pomwepo. Mmodzi wa iwo, bambo wachikulire dzina lake Saide, anandiyang'ana nthawi yaitali. Nyumba ya mayi ake inali kumtunda, ndipo enanso anali ndi abale komweko. "Nanga kwa achemwali anu, shefe?" anafunsa. Ndinadziwa chimene ankafunsa. Ndikanangopatula kapaketi kamodzi ka kwa achemwali, aliyense akanapatula kake, ndipo a kudambo, amene analibe m'bale mu brigada, ndi amene akanatsala. Ndinayankha kuti lamulo ndi limodzi kwa tonse.

Mankhwala anathera pa kamzikiti ka pakati pa chitunda. Kuchokera pamenepo nyumba ya achemwali inkaoneka, denga lake ndi mtengo wa mapichesi. Iwo anali atatulutsa katundu kuyambira m'mawa, poti anamva kuti tayandikira. Ndinapita ndekha, bomba lopanda kanthu kumsana, ndipo ndinapeza Maliyamu atakhala pa bokosi lake pabwalo.

"Iwe Jafali, wachedwa kuti?" anafunsa achemwali. "Ufa wanga wakhala padzuwa tsiku lonse."

Ndinawafotokozera. Anamvetsera manja ali m'chiuno.

"Ku Chiuaula apopera nyumba zonse," anatero. "Mnzanga wa kumsika wandiuza. Iweyo ndiye wapatsidwa ochepa wekha?"

"Kumeneko apopera madzi, achemwali."

"Ndiye undipoperere madzi omwewo. Ukabwereke kwa anzako, kapena tsukuluza bomba lakolo, upopere chipinda cha mwana chokha. Theka si kanthu?"

Apa ndi pamene pagona nkhani, ana anga. Achemwali sanalakwitse. Mankhwala osungunula amaphako udzudzu kwa kanthawi. Kwa mwana mmodzi, chaka chimodzi, theka ndi kanthu ndithu. Chimene ndinkateteza ine chinali cha ana a m'tsogolo, amene sindinkawadziwa nkhope, pamene amene ndinkamudziwa nkhope anali atakhala pa bokosi akundiyang'ana. Komanso Saide ndi anzake anali ataima pa kamzikiti paja kuonerera chimene ndichite. Ndinati ndiwabweretsera neti ina. Anati neti ali nayo, yobooka ngati ya wina aliyense. Kenako anayamba kulowetsa katundu, ndipo nditafuna kunyamula ndowa anandilanda. Maliyamu anatambasula dzanja kuti ndimupatse choko monga mwa chaka chilichonse. Ndinamuuza kuti chaka chino ayi.

Shefe Armindo ataona zitseko za kumtunda konse zilibe choko anandiitanitsa. Sanakalipe. Anangoti, "Wandichititsa manyazi, m'bale wanga," ndipo alendo ake anawayendetsa ku Chiuaula. Chaka chotsatira ukulu wa brigada anaupereka kwa wina, ine ndinabwerera kubereka bomba, ndipo ndinalibereka mpaka kupuma. Bonifasiyo anakwezedwa. Mpaka lero tikakumana pamsika amandigulira tiyi n'kundiuza kuti ndinali ndi mutu wouma.

Mvula ya chaka chomwecho

Neti ndinapititsa ndithu, ndipo achemwali analandira. Maliyamu anadwala mvula ili pakati. Anayamba ndi mutu ndi kuzizidwa, achemwali n'kuganiza kuti ndi chimfine cha kwathu kuno. Pamene ankamukweza pa njinga yamoto kupita naye kuchipatala anali atayamba kukomoka. Amene anadzandiuza ndi Saide, ndikutsuka mabomba kunyumba yosungiramo katundu. Ndinafika atamuphimba kale. Chaka chotsatira akanayamba sekondale.

Ndakhala ndikudzifunsa zaka zonsezi ngati kapaketi kamodzi kakanamupulumutsa, ndipo sindikudziwa. Udzudzu umene unamuluma mwina unamupeza panja akusenda nyemba ndi mayi ake, mwina kwa mnzake. Ana anamwalira chaka chimenecho ngakhale m'nyumba za choko. Koma zimenezi ndi zoyankhula munthu amene mwana si wake. Pamaliro achemwali sananditukwane, ndipo bola akanatero. Pa sadaka, anthu atadya n'kumwazikana, anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwabwera, a shefe. Zikomo." Kuyambira tsiku limenelo dzina langa silinatulukenso pakamwa pawo, ndipo mpando unayamba kutulutsidwa panja.

Mayi anu anayesa. Anapita ndi nkhuku, anapita ndi shehe wa pa kamzikiti kaja kuti atiyanjanitse. Achemwali anawalandira bwino onse, n'kunena kuti palibe mlandu, Mulungu anatenga wake, ndipo mchimwene wawo anangotsata ntchito. Munthu akanena choncho, shehe aweruza chiyani? Anamwa tiyi n'kubwerera.

Zaka zotsatira

Ndikanapirira zonsezi mankhwala aja akanakhala ndi moyo. Ndikanati zandiwawa, koma chinthu ndachisunga. Koma kusungunula kunasanduka chizolowezi. Chaka chilichonse makatoni akachepa madzi ankachuluka, ndipo palibe ankachitanso kunong'ona. Alimi a m'madimba nawo ankapopera ndiwo zawo ndi mankhwala a mtundu womwewo, otsalira n'kutsikira m'zithaphwi momwe mphutsi zimakulira. Maneti analinso ndi mankhwala a mtundu womwewo, ndipo anthu ankagona m'maneti okalamba, mphamvu itatsala pang'ono. Paliponse pamene udzudzu unkatera unkakumana ndi poizoni wokwanira kupha wofooka wokha. Tinkausefa ngati ufa, chaka ndi chaka, ndipo wotsala m'sefa ndi umene unkaswana.

Zoyamba kutichititsa manyazi zinali nsikidzi. Zinasiya kugwa. Amayi amene kale ankatiphikira tiyi anayamba kutseka zitseko akationa, ena n'kumatiuza pawindo kuti mankhwala athu amangozidzutsira njala. Ena ankalola, koma tikangochoka ankazira makoma ndi dothi latsopano pokonzekera chikondwerero, ntchito yathu yonse n'kukwiririka. Sindinkawaimba mlandu. Munthu sangatulutse katundu wake yense pabwalo chifukwa cha fungo lokha.

Dona Celeste asanabwerere kwawo anandiitana kukachipinda kake kaja. Mutu wake unali utachita imvi. Anandionetsa chubu cha dzulo lake, pepala la mankhwala omwe aja, mlingo womwe uja. Pansi panali udzudzu wakufa wowerengeka, wina wonsewo unkauluka.

"Mphutsi zake mwatunga kuti?" ndinafunsa.

"Kudambo la ku Assumane."

"Koma kumeneko ine sindinasungunule."

"Sunasungunule chaka chimodzi, m'dera limodzi," anatero. "Udzudzu sudziwa malire a brigada, Jafali. Wa kwa anzako unauluka kudzakwatira kuno." Kenako anati, "Unachita zoyenera." Ndinamufunsa kuti zoyenerazo zapulumutsa ndani. Anangotembenukira ku machubu ake, ndipo ndimamulemekeza chifukwa sananame.

Ndili ndi mkwiyo, ndipo sindibisa. Sindikwiyira udzudzu. Uwo unangochita zimene chamoyo chilichonse chimachita, wopirira n'kutsala, n'kubereka ana ofanana nawo. Ndimakwiyira anthu amene ankadziwa, amene anaima m'kachipinda komwe kaja n'kuona chubu chomwe chija, koma n'kusankha choko. Ndipo pali china chimene ndinachiona mochedwa, kuti ntchito yathu nayo inkasefa anthu. Wosungunula ankakwezedwa n'kuphunzitsa atsopano, wokana ankatsitsidwa kapena kusiya yekha. Saide anasiya n'kukalima mbatatesi. Pofika zaka zanga zomaliza, achinyamata a mu brigada ankandiseka akandiona ndikuthira kapaketi konse m'bomba, ankati madala akuwononga.

Chaka chomaliza

Mankhwala atsopano, a mtundu wina, anafika chaka chimene ndinkapuma. Anali onunkha kwambiri, koma ankapha, ndipo chaka chimenecho anakwanira. Adzapha mpaka liti sindikudziwa, poti manja osakaniza ndi omwe aja. Mkulu wa brigada, munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira bomba, anandifunsa ngati pali chimene ndingafune pa ulendo wanga womaliza. Ndinapempha kuti nyumba ya pa mtengo wa mapichesi ndikapopere ine.

Ndinapeza achemwali akusankha nyemba pa lichero, atakalamba, akuchita kuyandikitsa nkhope kuti aone. Pabwalo panalibe katundu wotulutsidwa. Ndinapereka salamu, anayankha. Ndinawauza kuti mankhwala ndi atsopano, ndi okwanira, ndipo ndasakaniza ndekha mlingo wake wonse.

"Okwanira," anabwereza, osadzutsa mutu. Anapitiriza kusankha kanthawi. Kenako anaika lichero pansi, anadzuka movutikira, n'kukankha chitseko. Aka kanali koyamba kuti ndiponde m'nyumbamo chichitikireni maliro. Anadutsa chipinda chawo n'kukaima pakhomo la chipinda china chija.

"Changa chisiyeni, ine udzudzu unatopa nane kale," anatero. "Poperani umu. Simuvutika kudikira kuti titulutse katundu, mulibe."

Munalibedi kanthu, makoma okha ndi msomali umene ankakolekapo neti. Ndinapopa bomba, n'kuyambira kumwamba kutsika pansi monga anatiphunzitsira, khoma ndi khoma, ndipo kuseri kwa chitseko sindinaiwale. Nditatuluka ndinapisa m'thumba kutenga choko. Achemwali anaika dzanja lawo pachitseko.

"Musalembe," anatero. "Chitseko ichi chinali ndi mlembi wake."

Kenako analoza mpando pansi pa mtengo, ndipo ndinakakhala.